Paipi yokwirira pansi ya madzi ozimitsira moto: tigule iti? Zokambirana pa gulu la amisiri a ku Kasungu ndi Mchinji

Naphiri wa ku Santhe: Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya ku kopaletivi kwathu. Tamaliza kumanga shedi yaikulu yosungiramo soya, mtedza ndi chimanga, ndipo nthawi ya fodya mamembala amasungitsamonso mabelo asanapite nawo ku Chinkhoma. A inshuwalansi akuti satilemba tisanaike madzi ozimitsira moto: ma hose reel (mapaipi ofewa okulungidwa pakhoma) m'kati ndi hydrant (mpopi waukulu wolumikizapo mapaipi a ozimitsa moto) panja. Kuchoka pomwe pali thanki kukafika kuseri kwa shedi ndi mamita 180, ndipo pakati pake pamadutsa malole. Amisiri awiri atipatsa makotesheni. Wina akuti paipi yakuda ya 63 mm, ija imabwera yokulunga, wina akuti PVC ya 110 mm. Mitengo yatalikirana kwambiri moti komiti yagawikana pawiri. Tikwirire iti?

Wa Hadiweya pa Boma: Mayi, yakudayo ndili nayo, mawa lomwe ikhoza kukwera lole ya ku Santhe. Alimi a mthirira akuitenga tsiku ndi tsiku, palibe wabwera kudzadandaula.

Mdala Pulambala: Iwe mwana, amayiwa sakufuna kuthirira tomato. Naphiri, musanayankhe aliyense, tiuzeni kaye: thanki yanuyo ndi ya malita angati, yakwera mamita angati, ndipo madzi ake amachokera kuti?

Naphiri wa ku Santhe: Ndi ya malita 10,000, bambo. Ili pa sitandi yachitsulo ya mamita 6. Timapopa pachitsime chathu ndi pampu ya sola.

Injiniya Banda: Zikomo a Mwale pofunsa zimenezo, poti nkhani yagona pamenepo. Mayi, ndiyambe ndi manambala, mundipirire. Malamulo omangira nyumba a ku South Africa, SANS 10400, omwe ambirife timawagwiritsa ntchito pojambula mapulani, amati hose reel imodzi izitulutsa theka la lita pa sekondi, pomwe hydrant izitulutsa malita 20 pa sekondi, zonse pa puresha ya 300 kPa, kapena kuti 3 bar. Ndiye kuti hydrant imodzi imamwa madzi a ma hose reel 40.

Tsopano tengani thanki yanu. Malita 10,000 pa malita 20 pa sekondi amatha m'mphindi 8 ndi pang'ono. Kuti hydrant ithire kwa ola lathunthu pafunika malita 72,000. Kunena za puresha, mamita 10 alionse omwe madzi akwera amapereka pafupifupi 1 bar, choncho sitandi ya mamita 6 ikukupatsani 0.6 bar basi, madzi asanayambe n'komwe kuyenda m'paipi. Kuti mupeze 3 bar popanda pampu, thankiyo iyenera kukhala m'mwamba mamita 30.

Wa Fodya ku Chamama: Aaa, a Banda mwayamba kutiopseza. Malita 72,000 kopaletivi ya alimi iwatenge kuti? Kwathu kuno chigafa chikayaka timathamanga ndi ndowa.

Injiniya Banda: Ndipo chigafacho chimapulumuka, a Zimba?

Wa Fodya ku Chamama: Kkkk timapulumutsa zoyandikana nazo.

Mdala Pulambala: Walira mvula walira matope. Mukafuna hydrant ndiye kuti mwafunanso thanki yaikulu yapansi ndi pampu. Palibe paipi imene ingalenge madzi omwe kulibe.

Naphiri wa ku Santhe: Ndamva. Za thanki ndi pampu ndikazitula kukomiti. Koma funso langa likadalipo: 63 kapena 110?

Injiniya Banda: Ya 63 ija ichotseni m'mutu ngati mukufuna hydrant. Nambala imene imalembedwa pa paipi ya pulasitiki ndi kukula kwa kunja, madzi amayenda m'bowo la m'kati. HDPE, paipi yakuda ija, ya 63 mm yolimba bwino, ya SDR 11 (nambala yosonyeza kunenepa kwa khoma lake), bowo lake ndi mamilimita 51 okha. Kukankhiramo malita 20 pa sekondi ndiye kuti madzi azithamanga mamita oposa 9 pa sekondi, ndipo puresha yonse ya pampu idzathera m'njira isanafike theka la mtunda wanu.

Ya 110 mm SDR 11 khoma lake ndi mamilimita 10, bowo 90. Madzi omwewo amathamangamo mamita 3 pa sekondi, ndipo pa mamita 180 anuwo mutaya pafupifupi 1.6 bar, osawerengera makona ndi ma valve. Imagwira, koma pampu iyenera kukula kuti ibweze zotayikazo. Ya 160 mm bowo lake ndi pafupifupi 130, ndipo pa mtunda womwewo simutaya ngakhale 0.3 bar. N'chifukwa chake buku la ku America la mapaipi a moto okwirira pansi, NFPA 24, limati paipi yodyetsa ma hydrant isachepere mainchesi 6, omwe ndi pafupifupi 150 mm. Ine ndikanakhala wojambula wanu ndikanalemba 160. Thumba likakana, 110 ndiye malire, osatsikanso.

Koma chitani ichi poyamba: a inshuwalansiwo akulembereni pa pepala chomwe akufuna. Akati ma hose reel okha ndi ma extinguisher akukwanira, 63 yolimba ikhoza kudyetsa ma hose reel angapo popanda vuto, ndipo ndalama zitsika kwambiri. Mawu apafoni musamangire nawo bajeti.

Wa Hadiweya pa Boma: Mwamva a Mwale? 63 yanga ija sinafe ayi.

Mdala Pulambala: Yako ija ndinaiona itaunjikidwa pakhonde. Palembedwa chiyani pamsana pake?

Wa Hadiweya pa Boma: Class 6, madala.

Mdala Pulambala: Basi, yadziyankha yokha: imeneyo imapirira 6 bar yokha.

Wowotcherera wa ku Kamwendo: Ndilowepo apa poti ntchito yanga ndi yomweyi. Achemwali, paipi yakuda si imodzi. Pali ya mthirira yofewa, ina yopangidwa ndi mapulasitiki akale osungunula, ndiye pali HDPE yeniyeni. Ndi maso zonse n'zakuda. Yeniyeni imakhala ndi zolemba zobwerezabwereza m'litali mwake monse: dzina la fakitale, PE100 (mtundu wa pulasitiki yake), kukula kwake, SDR, PN (ma bar a puresha omwe imapirira) ndi nambala ya muyezo, monga ISO 4427. Pa PE100, SDR 17 ndi PN10, SDR 13.6 ndi PN12.5, SDR 11 ndi PN16. Ya moto tengani PN16.

Zolemba nazo anthu amadinda zabodza, ndiye mupite ndi vernier, kachipangizo koyezera kunenepa kwa khoma la paipi. Gawani kukula kwa paipi ndi SDR, mupeza khoma. 110 kugawa ndi 11 ndi 10. Mukayeza n'kupeza mamilimita 6 ndi theka, akugulitsani PN10 pa mtengo wa PN16. Yezani mbali zinayi za kamwa la paipi, chifukwa zina zimanenepa mbali imodzi n'kuwonda inayo. Muyeze katundu asanatsike m'lole, woyendetsa akuona.

Naphiri wa ku Santhe: Nanga pampu ikamapereka mwina 6 kapena 7 bar, PN10 yalakwa chiyani? Ndikufunsa chifukwa a tcheyamani akandifunsa zomwezi.

Injiniya Banda: Funso labwino. Choyamba, PN imayezedwa madzi ali pa 20°C. Pulasitiki ikatenthedwa imafooka. Pa 40°C HDPE imatsala ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake. Madzi ogona m'thanki mu Okutobala ku Kasungu kuno mukuwadziwa mmene amafundira. Chachiwiri, munthu wa mantha satseka valve mwaulemu. Akatseka mwadzidzidzi madzi othamanga amamenya paipi, puresha n'kulumpha kuposa ya pampu. Chachitatu, paipi ya moto imayesedwa mwankhanza isanalandiridwe. NFPA 24 imati 200 psi, yomwe ndi 13.8 bar, kwa maola awiri. Ikaninso apo kuti paipiyo aikoka pa miyala potsitsa, yakandika apa ndi apo. PN16 imakusiyirani malo opumira.

Mdala Pulambala: Pa PN16 tagwirizana. Koma ine pa HDPE ndikutsutsa, ndipo nditsutsa mpaka mawa. Ndaika PVC ya mphira pakamwa kuyambira nthawi ya Kamuzu, ina ikugwirabe mpaka lero. Class 16 ya PVC imapirira 16 bar chimodzimodzi, khoma lake n'lopyapyala choncho bowo limakulirapo, mtengo wake n'ngofewa, ndipo pulambala aliyense wa pa Santhe akhoza kuilumikiza ndi sopo wake ndi chitsulo chokankhira. Ikaphulika usiku mumadula, n'kuikapo coupling, nkhani yatha. HDPE ya 160 ikaphulika mudikira makina ochokera ku Lilongwe, ndi jenereta yake, ndi mwini makinayo amene foni yake imakhala yozima.

Wowotcherera wa ku Kamwendo: Madala, foni yanga siizima kkkk. Koma tiwerenge. PVC imabwera ya mamita 6. Pa mamita 180 ndi mapaipi 30, ndiye kuti malo olumikiza 30, ndipo paliponse pali mphira womwe ungapindike kapena kulumidwa ndi mchenga. HDPE ya mamita 12 imadula nambala imeneyo pakati, ndipo powotcherera pakapsa bwino pamalimba ngati paipi yomwe. Chinanso, mphira sugwira paipi kuti isasololoke. Pa kona iliyonse, pa tee iliyonse ndi pothera, madzi amakankha, ndipo muyenera kuthira chipilala cha konkire chotsamira dothi losakumbidwa. Pa kona ya 90 ya paipi ya 160, pa 14 bar, kukankhako kumafika matani anayi. Ndinafukulapo ntchito ya kontilakita wina, m'malo mwa konkire anangotsamiritsa njerwa zitatu ndi chitsa cha mtengo. Tsiku loyesa, elbow inatuluka m'dothi yokha.

Injiniya Banda: Matani anayiwo ndawerengera, akulondola. Koma a Mwale sakunama pa nkhani yokonza. Mayankho onse awiri ndi ovomerezeka pansi pa dothi. Ngakhale bungwe la FM Approvals, la ku America lovomereza zipangizo zotetezera ku moto, lili ndi miyezo ya onse, 1612 ya PVC ndi 1613 ya polyethylene. Chimene chikundikokera ku HDPE pa malo a Naphiri ndi malole. PVC ndi youma, ikatsamira mwala pansi pa tayala la lole yodzaza soya imang'aluka m'litali. HDPE imapindika n'kubwerera. Komanso ngati mbali ina ya malowo ndi ya kudambo, dothi lakuda lija limafufuma nthawi ya mvula n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo limasuntha chilichonse chogona m'menemo.

Mdala Pulambala: Ngati ndi HDPE, wowotchererayo aonetsetsedwe. Ndaonapo anyamata akutenthetsa chitsulo pa mbaula ya makala n'kumati akuchita butt fusion, kuwotcherera kosungunula makamwa a mapaipi awiri n'kuwakanikiza pamodzi.

Wowotcherera wa ku Kamwendo: Amenewo ndi omwe amatiipitsira mbiri. Mbale yotenthetsera imayenera kukhala pakati pa 200 ndi 230°C, yoyezedwa ndi chipangizo, osati kulavulira malovu. Makamwa onse awiri amapalidwa ndi makina mpaka atayang'anizana bwinobwino, amapukutidwa, ndipo akakanikizana amasiyidwa m'makinamo mpaka atazizira. Kuthirapo madzi kuti pazizire msanga ndi kupha joint. Mkanda wotuluka polumikizapo uzikhala wofanana kuzungulira paipi yonse. Ku Kasungu mu Ogasiti ndi Seputembala kumakhala mphepo ya fumbi, ndiye timamanga katenti n'kutseka kamwa lakutali la paipi kuti mphepo isadutse m'kati n'kuziziritsa mbale. Mukasankha electrofusion, yowotcherera ndi cholumikizira chotenthedwa ndi magetsi, khungu la pamwamba pa paipi lipalidwe ndi chopalira, osati sandipepa. Achemwali, muuzeni mmisiri wanu awotcherere joint imodzi yoyeserera, muidule tizidutswa, mutipinde. Ikathyokera polumikizapo, mubwezeni.

Wa Fodya ku Chamama: Ine langa ndi limodzi. Bwanji osangoiyala pamtunda m'mbali mwa mpanda? Ndalama yokumbira ngalande ipite ku thanki.

Mdala Pulambala: A Zimba, inu nomwe mumadziwa zomwe anyamata osaka mbewa amachita ndi tchire mu Ogasiti.

Injiniya Banda: Eetu. HDPE imasungunuka pa 130°C chabe, PVC imayamba kufewa isanafike ndi pa 100. Moto wa udzu wouma ukungodutsa ndi wokwanira. PVC ikakhalitsa padzuwa imaumanso n'kumathetheka. Pulasitiki ya madzi a moto malo ake ndi pansi pa dothi basi. Pokwera kupita ku hydrant kapena kulowa m'shedi, musinthe kukhala chitsulo mukadali pansi, ndi stub ndi flange, zolumikizira zomanga ndi mabawuti, ndipo pamenepo muthirepo konkire yogwira paipi kuti isakoke. M'kati mwa shedi monse chitsulo chokhachokha, chopakidwa penti wofiira. Musadutsitsenso paipi pansi pa shedi pofuna kudula mtunda. Ikadontha pansi pa silabu mudzaswa pansi ponse, ndipo khoma likagwa ndi moto mwataya paipi yomwe. Izungulire kunja. Hydrant nayo italikire khoma, kuti munthu athe kuimapo moto uli m'kati. A NFPA amati mamita 12.

Naphiri wa ku Santhe: Ngalandeyo ikuye bwanji? Wa 63 uja anati mpaka m'mawondo.

Mdala Pulambala: M'mawondo mwa ndani, mwa mwana wa sitandade 1? Muyeze kuchokera pamsana pa paipi kufika pamwamba pa dothi. Poyenda anthu mamita 0.8, podutsa magalimoto osachepera 0.9, ndipo pa malole anuwo ine ndimakumba kupitirira mita, n'kulowetsa paipiyo m'paipi ina yaikulu yachitsulo kapena ya konkire. Pansi pa ngalande muyale mchenga wa kumtsinje wosefa, masentimita 10 mpaka 15. Ikani paipi, thirani mchenga m'mbali, mupondereze ndi manja ndi chipini chamtengo kuti pansi pa nthiti zake pasatsale mphako. Mphako imeneyo ndi imene imaphwatalalitsa paipi. Mchenga upitirire pamwamba pake, kenako dothi lopanda miyala, pang'onopang'ono, mukusinja. Zibuma za katondo ndi maduka a njerwa zisayandikire. Aganyu akatopa amangokankhira chilichonse ndi fosholo, choncho pakhale munthu wa komiti woimirira pamenepo, wosachoka ngakhale nthawi ya nsima.

Masentimita 30 pamwamba pa paipi muyale tepi yochenjeza, ndipo mumangirire waya wa kopa m'litali mwa paipi, chifukwa pulasitiki makina ofufuzira saimva. Pakatha zaka zisanu komiti idzakhala ina, wina adzabwera ndi piki kudzakumba chimbudzi.

Wowotcherera wa ku Kamwendo: Ndiwonjezere za dzuwa. HDPE imatalika pafupifupi mamilimita 0.2 pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi. Paipi ya mamita 100 yogona padzuwa masana, ikazizira ndi madigiri 20 usiku, imafupika masentimita 40. Mukaidula ndendende masana n'kumanga ma flange, m'mawa mupeza yakoka. Muigoneke mokhotakhota pang'ono m'ngalande, ndipo kulumikiza komaliza ndi kukwirira muchite m'mamawa.

Mayi Admin: Amene mukutumiza zotsatsa feteleza pakati pa nkhaniyi ndafufuta. Pitirizani, akuluakulu.

Injiniya Banda: Zikomo mayi. Tsopano kuyesa, komwe makontilakita ambiri amathawa. Musalipire ndalama yomaliza, ndipo musalole kuti akwirire malo olumikiza, paipi isanayesedwe inu mukuona. Akwirire pakatipakati kuti paipi isadumphe, ma joint onse akhale poyera. Konkire ya m'makona ikhale itauma, ipatseni sabata. Adzaze madzi pang'onopang'ono kuchokera kumunsi, mpweya utulukire kumtunda. Asayese ndi kompresa ya mpweya zivute zitani; mpweya wopanikizidwa ukaphulitsa chotsekera umapha munthu. Geji yoyezera puresha ikhale pamalo poti inu muziwerenga nokha, ndipo muijambule pafoni poyamba ndi pomaliza.

HDPE ili ndi khalidwe lake: ikapanikizidwa imafutukuka pang'ono, geji n'kutsika ngakhale palibe podontha. Choncho amayamba aipopera kwa maola angapo kuti ikhazikike, kenako n'kuyamba kuwerenga. Koma mmisiri asabisale kumbuyo kwa zimenezi. Yendani ndi nsalu youma, mugwire joint iliyonse. Musanamange ma hose reel, tsegulani kumapeto madzi athamange mwamphamvu mpaka atayera. M'mapaipi mumatsala miyala, mapepala a simenti, nthawi zina ndi khoswe wakufa, ndipo zonsezo zimakatseka kakamwa ka hose tsiku la moto.

Wa Fodya ku Chamama: Pampuyo ya magetsi? Poti kuno akazima amazimiratu.

Injiniya Banda: Ngakhale asazime, shedi ikayaka chinthu choyamba ndi kuzimitsa magetsi. Sola nayo usiku ilibe ntchito. Pampu ya moto ikhale ya dizilo, m'kanyumba kakekake kotalikirana ndi shedi, ndipo izilizidwa sabata iliyonse kuti batire isagone. Thanki ikhale pansi pafupi ndi pampu, madzi azilowa okha m'pampumo.

Mdala Pulambala: Ndipo madzi amenewo adzabedwa ndi eni ake omwe. Mu Novembala chitsime chikachepa, wina adzati tingotungako pang'ono tithirire nazale ya fodya. Njira yake ndi iyi: paipi ya madzi a tsiku ndi tsiku ituluke chakumtunda kwa thanki, ya moto ituluke pansi. Mpopi ukauma, madzi a moto amakhala akadalimo. Pa paipi ya moto pasalumikizidwe mpopi ngakhale umodzi, ngakhale wa a tcheyamani.

Wa Hadiweya pa Boma: Hydrant ndikhoza kuitanitsa. Mukufuna ya kamwa lanji?

Injiniya Banda: Limenelo lisayankhidwe pagulu pano. Kuno zambiri zimatsata muyezo wa ku Britain, kamwa la 65 mm longokankha n'kugwira, koma pamsika palinso za mtundu wa Storz, ndipo ziwirizi sizilowana. Naphiri, pitani ku khonsolo mukafunse a zozimitsa moto kuti mapaipi awo ndi a kamwa lanji, mugule lofanana nalo. Mukafunsenso ngati pulani yanu ikufunika chidindo chawo. Komabe pa mtunda wa ku Santhe, mphindi zoyamba ndi zanu nokha, ndiye alonda ndi onyamula matumba aphunzitsidwe kutambasula hose ndi kuliza pampu. Belo la fodya limanyeka m'kati kunja kukuoneka kuti kwazima, limafuna kulitulutsa panja n'kulimasula.

Mdala Pulambala: Ma valve muwamangire timanyumba ta njerwa ndi chivundikiro cholemera, a zitsulo zakutha asakuzuleni. Koma kiyi wake asakhale m'thumba la munthu amene amagona ku Kasungu boma.

Naphiri wa ku Santhe: Ndalemba zonse m'kope. Mawa ndiimbira a inshuwalansi kuti atipatse kalata, ndipo makotesheni onse awiri ndiwabweza alembenso: PE100 PN16 ya 160 ndi ya 110, PVC class 16 pambali pake ndi konkire yake, mchenga, kuyesa, zonse padera kuti komiti ione pomwe ndalama ikupita. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Ndalama za soya zilowa mochedwa, mwina tidzayamba kukumba mu Disembala.

Wowotcherera wa ku Kamwendo: Disembala ayi, achemwali. Ngalande ikadzaza madzi a mvula paipi yopanda kanthu imayandama n'kutukula mchenga wonse munayala uja, makoma a ngalande amagumuka, ndipo ine sindiwotcherera pa chinyezi. Ngati ndalama sizikwana mvula isanagwe, gulani mchenga panopa mitsinje ikadali youma, muunjike, mudzakumbe mu Meyi. Mapaipi akafika msanga muwagoneke pamthunzi, pamalo osalala, makamwa ali otseka.

Mdala Pulambala: Nanga fodya wa chaka chino agona m'shedi yopanda madzi?

Naphiri wa ku Santhe: Ndi zomwe ndikawafunse a inshuwalansiwo, ngati angatilole ndi ma extinguisher ndi migolo ya madzi pakhomo lililonse mpaka Meyi. A Banda, ndikakutumizirani kuseri chithunzi cha pulani ya malo athu, mungatilozere pomwe thanki yapansi ingakhale?

Injiniya Banda: Tumizani, koma mulembepo pomwe pali chitsime, geti la malole, ndi mbali imene malowo atsetserekera.